Thumba Lopanda Penti Pakhutu

1. Kathabwa ka mapepala

Ku shedi ya bambo ake aliyense ankamutchula kuti Kabawi. Dzinali analipata ali ndi zaka khumi, tsiku limene anatola kamwala kochepa ngati njere ya mchenga mu mpunga umene amayi anayi anali atausankha kale. Kuchokera tsiku limenelo anthu ankati pamaso pa mwanayo sipadutsa kanthu, ndipo mwiniwakeyo ankanyada nazo ngakhale sankaonetsera.

Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mayeso omaliza a ku sekondale anali atalemba, ndipo podikira zotsatira ankathandiza ku shedi tsiku lililonse.

Bambo ake ankagula mpunga, nandolo ndi ufa wa chinangwa n'kumagulitsa m'magolosale. Chaka chimenecho zinawayendera. Kampani ina ya kutsidya kwa nyanja inaitanitsa kontena imodzi yoyesera. Katunduyo akakafika bwino, kampaniyo izidzaitanitsa mwezi ndi mwezi. Akakapezeka ndi vuto, akatayidwa kudoko komweko ndipo nkhani idzathera pomwepo. Bambowo anali atasiya makasitomala awo akale kuti akwanitse oda imeneyi, choncho anthu makumi atatu a pa shedipo ankadziwa kuti ntchito yawo ili m'kontena imeneyo.

Kunyumba kwa Kabawi kunkakhalanso msuweni wake, mwana wa azakhali ake. Anabwera zaka ziwiri zapitazo mayi ake atayamba kudwaladwala. Anali mtsikana wofatsa, wolemba bwino, wa masamu m'mutu. Ankagona chipinda chimodzi, ankabwerekana nsapato, ndipo mpaka sabata imeneyo Kabawi analibe naye chifukwa.

Lolemba m'mawa bambo anasonkhanitsa antchito onse pafupi ndi sikelo. M'manja anali ndi kathabwa kopanirapo mapepala, kamene nthawi zonse ankayenda nako okha. Kabawi anapukuta manja pasiketi, kukonzekera kulandira.

Kathabwako kanamudutsa n'kukatera m'manja mwa msuweni wake.

"Uyu ndi amene asunge mapepala onse a kontena," anatero bambo. "Asayina ndi iyeyu, ndipo apita ndi lole mpaka kudoko kukapereka katundu. Iwe Kabawi, tsiku lopakira udzaima pakhomo la kontena."

Anthu anaomba m'manja. Kabawi nayenso anaomba, koma manja ake sankalira. Pakhomo! Mwana wa mwini shedi, kuima pakhomo ngati mlonda, pamene wobwera dzana akukaona sitima zapamadzi? Nsanje inamulowa moti tiyi wa tsiku limenelo anamusiya mpaka kuzizira.

Kuyambira pamenepo anasiya kumutchula msuweni wake mwachizolowezi. Anamupatsa dzina latsopano.

"Mwadzuka bwanji, a Mapepala? Tikupatseni mpando kodi, kapena mabwana amalemba choimirira?"

Msuweniyo ankangoseka, poti usuweni ndi nthabwala. Sankadziwa kuti nthabwala zina zimakhala ndi mano.

2. Mawu a a Kapitawo

Lachitatu anavundukula lona, chinsalu chachikulu chapulasitiki chimene chinaphimba matumba onse opita kunja. A Kapitawo, bambo wachikulire amene anayamba ntchito ya m'mashedi Kabawi asanabadwe, anadikira kuti mphepo ipite kaye. Kenako anabwera ndi kachitini ka penti yofiira ndi kamtengo.

"Tamverani nonse," anatero. "Amene anamva kale amvenso, makutu satha ayi. Matumba awa akhala pansi pa lona masiku asanu ndi awiri akumwa utsi wa mankhwala. Chamoyo chilichonse chimene chinali mkatimu chafa, ndi mazira omwe. Ndiye ine ndikudontheza penti pakhutu la thumba lililonse, apa pakona pamene mumagwira ponyamula. Thumba lopanda penti lisayandikire kontena. Kaya ndi loyera bwanji, kaya labwera ndi mlamu wanu, lisayandikire."

Wonyamula katundu wina anati, "A Kapitawo, limodzi lokha lingatani pakati pa matumba mazana asanu?"

A Kapitawo anaika kachitini pansi. Onse anadziwa kuti munthuyo waputa nkhani yaitali.

"Limodzi? Iwe, nankafumbwe ndi kachilombo kosapita kusukulu. Sawerenga dzina pathumba. Sadziwa kuti uwu ndi mpunga wa uje, uwu ndi ufa wa uje. Kontena ikatsekedwa imakhala pamadzi masiku makumi anayi, mkati muli mdima, mukutentha, chakudya chili mbwee. Kwa nankafumbwe umenewo ndi ukwati. Amaswana, ana ake n'kuswananso. Kutsidyako akatsegula chitseko safunsa kuti thumba lolakwa ndi liti. Akaona kamodzi kakuyenda, kontena yonse yatha. Paja nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

"Ndinaziona ndi maso angawa ndili mnyamata. Tinali pa shedi yaikulu kuposa ino. Munthu wina anachita ulesi, anatenga thumba lapafupi m'malo moyenda mapazi makumi awiri. Patatha miyezi iwiri tonse tinali pamsewu, wolakwa ndi osalakwa omwe. Shedi imeneyo lero mukugona mileme. Ndiye musandifunsenso za limodzi."

Anadontheza penti mpaka dzuwa kupendeka. Matumba mazana atatu a mpunga, zana limodzi ndi makumi awiri a nandolo, makumi asanu ndi atatu a ufa. Anapakanso matumba asanu a nandolo apadera, oti alowe m'malo ngati lina litang'ambika, n'kuwaika kuseri kwa sikelo.

Kabawi anamva zonsezo, koma maso ake anali kwina. Ankayang'ana msuweni wake akulemba manambala, cholembera china atachipanika kukhutu ngati kalaliki wa zaka zambiri.

3. Pakhomo la kontena

Lachisanu lole inafika m'mamawa itasenza kontena yabuluu. Inabwerera chammbuyo mpaka pakhomo la shedi. Woyeza katundu wochokera ku ofesi yoona za mbewu anafikanso ndi kachitsulo kake kobowola matumba. Anatapa apa ndi apo pa mulu wa matumba a penti aja, anayang'ana, ananunkhiza, anagwedeza mutu kuvomereza.

Kenako anaona mapepala a msuweni uja.

"Koma bwana, mwana wanuyu ndi wadongosolo," anatero kwa bambo. "Mashedi ambiri mapepala awo amakhala ngati apalasa nkhuku. Ndi woyamba kubadwa?"

Kabawi anali pafupi. Anadikira kuti bambo ake akonze, anene kuti mwana wawo ndi uyo waima apoyo.

"Ndi mwana wanga ndithu," anatero bambo akumwetulira, n'kumutenga mlendoyo kupita naye ku ofesi kukadzaza mafomu.

Mawuwo anamulasa Kabawi mumtima. Anakaima pakhomo la kontena nkhope ili ndwii.

Kupakira kunayamba. Onyamula ankathamanga pathabwa lokwerera, thumba paphewa, akuimba. Thumba lililonse linkadutsa pamaso pa Kabawi, iye n'kuona penti, kuona msoko, kenako kugwedeza mutu. Msuweni wake anaima chapansi akuchonga papepala. Mpunga unalowa wonse. Ufa unalowa. Nandolo anatsala pang'ono kutha pamene thumba lina linakola msomali wa pathabwa n'kung'ambika. Nandolo anangoti waa pansi ponse.

Dalaivala analiza hutala. "Anthuni, dzuwa likupita! Ndikachedwa pano sitima siindidikira ine!"

A Kapitawo anali atapita kukatenga tsache ndi fosholo. Msuweni uja anasokonezeka. Anayang'ana uku ndi uku, ndipo maso ake anagwera pa kamulu ka nandolo kamene kanali kukhoma, pafupi ndi chitseko. Anaiwala kuti matumba apadera ali kuseri kwa sikelo. Amene anali kukhomawo anabwera dzulo lake kuchokera kwa mlimi wina, ndipo anali asanalowe pansi pa lona.

"Tengani limodzi apo, chonde fulumirani!" anauza wonyamula.

Thumbalo linakwera pathabwa. Linafika pamaso pa Kabawi.

Pakhutu panalibe penti. Pamsoko panali kafumbi kotuwa. Ndipo pa ulusi penipeni, kachilombo kakuda kankayenda pang'onopang'ono ngati kalibe mlandu. Munthu wina sakanakaona. Kabawi anakaona bwinobwino, ndi miyendo yake yomwe.

Pakamwa pake panatseguka, kenako panatsekeka. Anayang'ana pansi pamene panali msuweni wake, kathabwa kali pachifuwa. Dzina losayinidwa pamapepala linali la msuweniyo. Woloza thumba anali msuweniyo.

"Asuweni, lili bwino limenelo?" anafunsa mtsikanayo akupukuta thukuta.

"Kodi mapepala anu akuti bwanji, a Mapepala?" anayankha Kabawi.

Msuweniyo anaseka, anachonga papepala. Thumba linalowa n'kukagona pafupi ndi ufa ndi mpunga, ndipo matumba ena khumi anabwera pamwamba pake.

4. Loko wosatsegula ndi kiyi

Masana zitseko za kontena zinatsekedwa. Woyeza uja anabwera ndi loko wake wa nambala, amene alibe kiyi. Akatseka watseka, ndipo womutsegula amachita kudula. Nambalayo inalembedwa pamapepala, msuweni uja n'kusayina pansi pake.

Antchito anakuwa ndi chimwemwe. Amayi osankha mpunga anavina pang'ono pafumbi pomwepo. Bambo anagwirana chanza ndi aliyense, maso ali ofiira ndi tulo ta masabata atatu.

Msuweni uja anatuluka ndi kachikwama kake. Asanakwere lole anathamangira kwa Kabawi n'kumugwira dzanja.

"Asuweni, ndikuuzeni zoona, ine ndakhala ndi mantha sabata yonseyi. Amalume atandipatsa kathabwaka ndinafuna kukana. Mbewu sindizidziwa ine, ndimangodziwa manambala. Koma nditamva kuti pakhomo mukhala inuyo, mtima unakhala pansi. Ndinati ndikalakwitsa, Kabawi aona."

Kabawi anachotsa dzanja lake, koma msuweniyo anapitiriza.

"Ndatenga juzi yanu yobiriwira ija, akuti kudoko kumazizira. Musakwiye. Ndikakubweretserani chigoba cha kunyanja, chachikulu."

"Pitani, akukudikirani," anatero Kabawi.

Lole inatuluka pageti ikulira ndi kulemera. Dzanja la msuweni linali panja pa windo likubayibitsa mpaka pokhota.

Kabawi ankayembekezera kuti amva kukoma. Sabata yonse ankalakalaka tsiku limene a Mapepala adzagwe, bambo n'kuzindikira kuti analakwitsa posankha. Kukomako kunabweradi, koma sikunakhalitse. Fumbi la lole lisanathe n'komwe, kunali kutazimirira. Anakumbukira kuti mpunga wa m'kontenamo anausankha iye mwini pamodzi ndi amayi aja kwa masabata awiri, mpaka msana kuuma.

Anakakhala pa thandala lopanda kanthu m'shedi, akuyang'ana malo aakulu amene matumba anachokapo.

5. Asanu akadali asanu

A Kapitawo ankasesa nandolo wotayika uja. Anasesa mpaka kufika kuseri kwa sikelo, ndipo pamenepo tsache linaima. Anawerenga matumba apadera ndi chala. Anawerenganso. Kenako anayenda pang'onopang'ono kupita kukhoma kuja, anawerenga kamulu ka mlimi, n'kuima nthawi yaitali manja ali kumbuyo.

Anabwera kudzakhala pa thandala lomwelo, chapatali pang'ono ndi Kabawi.

"Thumba linang'ambika limodzi," anatero osamuyang'ana. "Apadera ndinasiya asanu. Akadali asanu. Kukhoma kuja kunali khumi ndi awiri, pano kuli khumi ndi limodzi. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma masamu amenewa ndikuwamva."

A Kapitawo anatsamiritsa tsache pathandala n'kupitiriza.

"Sindinakuone, mwanawe, ndiye sindinganene kuti unachita chakuti. Mwina unaphethira. Munthu amaphethira. Koma ndakhala nawe pano zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinakuonepo ukuphethira pa thumba.

"Ndikuuze chinthu chimodzi, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Sabata ino ndakhala ndikumva mmene ukumuitanira msuweni wako. Anthu akuseka, ine sindikuseka. Nsanje imagwira ntchito ngati kachilombo komwe tikulimbana nakoka. Imayambira mkati. Kunja thumba limaoneka lodzaza, lolemera, koma ukadzatsegula umapeza fumbi lokhalokha. Ndipo siyamba kudya munthu amene ukumuchitira nsanjeyo ayi. Imayamba ndi mwini thumba.

"Uja ndinakuuzani Lachitatu, amene anatenga thumba lapafupi, sanali waulesi. Ndinakunamizani pang'ono. Anali munthu wakhama, koma anakwiya chifukwa ukapitawo anapatsa mnzake. Ankafuna kuti mnzakeyo achite manyazi basi, osati shedi itsekedwe. Mnzakeyo anachitadi manyazi. Anamuchotsa ntchito, anapita kwawo, ndipo anamwalira anthu akumuyesabe wosasamala. Munthu winayo ali moyo mpaka lero. Wakalamba akudontheza penti pamatumba a eni ake, ndipo palibe tsiku limene samukumbukira mnzake uja."

Kabawi anatembenuka n'kuwayang'ana. A Kapitawo ankayang'ana zala zawo zofiira ndi penti.

"Lole ikafika kudoko mawa masana," anapitiriza. "Ikangolowa pageti la kumeneko, palibenso angaigwire. Isanalowe, bambo ako angathe kuibweza. Adula loko, atsitsa katundu yense, amubwezera pansi pa lona, aitananso woyeza. Sitima iyi iwasiya. Ogulawo akwiya, mwina adikira ina, mwina ayi. Zowawa zilipo, sindikubisa. Koma zowawa za lero ndi za masiku makumi anayi akubwerawa n'zosiyana.

"Ine ndikamaliza kusesa ndikupita ku ofesi kukanena za masamu angawa. Sindingazisunge. Koma ndasesa pang'onopang'ono moyo wanga wonse, ndipo lero ndisesa pang'onopang'ono kuposa kale. Ndikanakonda kuti akayambe kumva kwa mwana wawo."

Anadzuka, anatola tsache, n'kuyambiranso kukona yakutali kumene anali atasesa kale.

6. Funso la bambo

Ofesi ya bambo inali kachipinda kakang'ono kumapeto kwa shedi. Munali tebulo, mipando iwiri, ndi shelefu ya timabotolo ta zitsanzo za mbewu. Kabawi anawapeza atavula nsapato, akumwa tiyi, nkhope ili yowala.

"Lowa, mwanangu, lowa! Khala apa. Lero ndigona ngati khanda."

Kabawi anakhala m'mphepete mwa mpando.

"Ndakuona sabata ino," anatero bambo. "Wakhala ukundiyang'ana ngati ndakudyera nkhuku yako. Ukuganiza kuti sindikudziwa chifukwa chake? Ndi kathabwa kaja."

Anaseka, n'kumuthirira tiyi m'kapu ina.

"Tamvera. Mapepala angathe kulemba aliyense wodziwa masamu. Msuweni wako akadwala mawa, ndipeza wina. Ndinamupatsa kuti aphunzire kuima pamaso pa anthu, poti mayi ake sali bwino ndipo tsiku lina adzafunika kudziimira payekha. Mwana wa mlongo wanga ndi wanga, umenewo si mlandu. Koma pakhomo la kontena sindikanaikapo wina aliyense, ngakhale ineyo. Maso anga atha. Woyeza amatapa matumba ochepa chabe. A Kapitawo amapaka penti n'kuchoka. Munthu womaliza kuona thumba lililonse lisanapite kutsidya kwa nyanja ndi wa pakhomo. Shedi yonseyi, ndi anthu ake onse, ndinaiika m'maso mwako. N'chifukwa chake ndinatha kukhala muno n'kumadzaza mafomu mtima uli m'malo."

Kabawi anali atangonyamula kapu. Anaiika patebulo osamwako. Manyazi anamugwira thupi lonse, ndipo anafuna kuti bambo ake akanamukalipira m'malo momuyamikira.

Panja tsache linkamveka, shwaa, shwaa, likuyandikira.

"Bambo," anatero ndi mawu otsika. "Muibweze lole."

"Wati chiyani?"

"M'kontena muja mwalowa thumba lopanda penti. La nandolo, la kukhoma kuja. Lili ndi anankafumbwe."

Kumwetulira kunachoka pankhope ya bambo. Anaika kapu pansi mosamala kwambiri, ngati ingasweke ndi mpweya. Anayang'ana wotchi yapakhoma, kenako foni imene inali patebulo.

"Lalowa bwanji?"

"Thumba lina linang'ambika. Dalaivala ankafulumiza. Msuweni ndi amene analoza kukhoma." Mawuwo anatuluka mofulumira, ndipo onse anali oona.

Bambo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatenga foni, anapeza nambala ya dalaivala, koma chala chawo chinaima chisanadine. Anakweza maso n'kumuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Iye analoza, chabwino. Mbewu sazidziwa, angathe kulakwitsa. Koma pakhomo panali iwe."

Panja tsache linasiya kulira.

"Ndiuze chinthu chimodzi ndisanaimbe, chifukwa msuweni wako ali m'lole momwemo ndipo afunsa kuti walakwa ndani. Thumbalo unaliona liti, Kabawi? Litalowa kale, kapena lisanalowe?"